Wamisala Adaona Nkhondo

Makolo adasiya mwambi wakuti wamisala adaona nkhondo, pofuna kunena kuti mau a munthu wodwala maganizo sayenera kutayidwa. Koma lamulo lolembedwa la dziko lino lidatenga zaka zoposa 100 lisanayambe kumumvera munthu wotereyu. Nkhani ya lero ikutsata mbiri imeneyi kuchokera ku Nkhunga, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota.

Kale munthu akazungulira mutu m'midzi ya ku Nkhunga, nkhaniyo inali ya pabanja. Pakati pa Acheŵa mwini mbumba ndiye ankaitana abale, nagamula za kupita kwa sing'anga ndi za amene adzasunge bwato, ukonde ndi munda wa chinangwa wa wodwalayo. Wodwala wofatsa ankadya ndi anzake ndi kugona pakhomo. Woopsa ankamangidwa zingwe. Chisamaliro chinalipo, koma wodwala wogwera m'manja mwa achibale aumbombo analibe kokadandaula.

Boma la Atsamunda lidaloŵerera m'chaka cha 1910, pamene lidatsegula malo osungirako amisala ku Zomba monga gawo la ndende yaikulu. Oyang'anira anali asilikali a ndende, osati madokotala, pakuti cholinga chinali kuchotsa pakati pa anthu munthu wosokoneza mtendere. M'chaka cha 1936 madokotala aŵiri, Shelley ndi Watson, adasindikiza zimene adapeza atafufuza za matendaŵa m'Nyasaland, koma malowo adakhalabe m'manja mwa a ndende mpaka 1951. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chidatsegulidwa mu 1953.

Pakati pa zaka zimenezi, mu 1948, padakhazikitsidwa lamulo lotchedwa Mental Treatment, limene lidapitirira kugwira ntchito ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964. Lamuloli lidalola munthu kupita yekha kuchipatala mwa kufuna kwake. Lidapatsanso majisitireti mphamvu yolamula kuti munthu akasungidwe kuchipatala, dokotala atachitira umboni. Za chuma cha wodwala lidazipereka ku Bwalo Lalikulu, limene linkatha kusankha munthu woti achiyang'anire.

Papepala zinali zolongosoka, koma kwa munthu wa ku Nkhunga zinali kutali. Ulendo wa ku Zomba unali wautali ndi wodula, ndipo wopita kumeneko ankasiyana ndi abale ake miyezi yambiri. Bwalo Lalikulu nalo linkafuna loya ndi ndalama. Msodzi wa bwato limodzi akadazitenga kuti? Choncho chuma cha odwala ambiri chinkagamulidwa pansi pa mtengo, mwini wake asanafunsidwe.

Fakitale ya shuga itatsegulidwa ku Dwangwa mu 1979, nkhaniyi idakula. Kudabwera antchito ochokera m'maboma akutali, opanda malume kapena mlongo pafupi. Kudabweranso malipiro a pamwezi, mabuku a kubanki ndi minda ya nzimbe yolembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Mlimi wa nzimbe akadwala, ndani asaine m'malo mwake? Akachira, ndani am'bwezere zake? Mwambo sudakonzekere mafunso ameneŵa, ndipo lamulo la 1948 linkayang'ana kwambiri za kusunga wodwala kusiyana ndi kumva zofuna zake.

Kusintha kudayamba ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Gawo 19 likuteteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo gawo 20 likuletsa tsankho, kuphatikizapo la chifukwa cha ulumali. M'zaka zomwezo abale achipembedzo a St John of God adayamba ntchito yawo ku Mzuzu, kuthandiza odwala ambiri ali kwawo, kotero kuti anthu a kunyanja adapeza khomo lina loposa la ku Zomba kufupika. Mu 2009 Malaŵi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Gawo 12 la panganoli likuti munthu wotere ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo monga wina aliyense, ndipo ayenera kuthandizidwa kuti asankhe yekha. Mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la umoyo wa maganizo loloŵa m'malo mwa lija la 1948, patatha zaka 77.

Ku Nkhunga kuli bwalo la majisitireti, polisi ndi chipatala, ndipo amene sangathe kulipira loya ali ndi bungwe la boma la Legal Aid Bureau. Komabe chigamulo choyamba chimachitika pakhomo, madzulo amene abale asonkhana kukambirana za mbale wawo. Matenda a maganizo amabwera ndi kupita; amene sangathe kuŵerenga ndalama mwezi uno akhoza kudzatha mwezi wamaŵa. Chifukwa chake wosunga bwato kapena munda wa wodwala asungire mwini wake, alembe zonse zoloŵa ndi zotuluka pamaso pa mboni, ndipo asagulitse kanthu mwiniyo asanamveke. Pamsonkhano wotere wodwalayo apatsidwe mpando wake, ndipo afunsidwe poyamba.