Chimera si mowa, ngakhale ku England

Mayi aliyense amene anaphikapo thobwa sangasokoneze chimera ndi mowa. Koma tikangogwira cholembera kuti tifotokoze za kunja, nzeru yakukhitchini ija imatithawa. Nyumba zakale za ku England zimene ankakonzeramo chimera timazitcha mafakitale a mowa, ndipo bambo amene ankagwiramo ntchito timamutcha wofulula mowa. Tikatero taphatikiza ntchito ziwiri zimene eni ake ankazisiyanitsa bwino lomwe.

Tengani tauni ya Ware, m'chigawo cha Hertfordshire. Kwa zaka mazana angapo anthu ake ankadalira chimera. Alimi ankabwera ndi balere, a ku Ware n'kumumeretsa ndi kumuumitsa, kenako matumba ankatsika m'mabwato pa mtsinje wa Lea kupita ku London. Makampani akuluakulu ofulula mowa anali kumeneko. Wokonza chimera ankagulitsa mbewu youma yam'thumba, wofulula ankagulitsa chakumwa cham'mbiya.

Mawu a ntchitoyi tili nawo kale, ndipo ambiri amakwanira popanda kuwakakamiza. Balere ankamuviika m'thanki masiku awiri kapena atatu. Akakhetsa madzi ankamuunjika kuti afunde, ayambe kumera. Kenako ankamumwaza pansi m'chipinda chachitali cha denga lotsika, amuna n'kumamutembenuza ndi mafosholo amatabwa usana ndi usiku kuti asatenthe komanso kuti mizu isalukane. Ntchitoyi inkafuna kuzizira, choncho inkayamba cha m'Okutobala n'kutha nyengo yotentha ikamayandikira. Nyengo yotentha ambiri ankakagwira zakumunda. Kuviika, kukhetsa, kuunjika, kumwaza, kutembenuza: palibe chobwereka apa.

Pamene pamafunika kuima n'kuganiza ndi pa kuumitsa. Kwathu chimera timayanika, ndipo dzanja limathamangira kulemba kuti ku England nakonso ankayanika. Ayi. Kuyanika kumafuna dzuwa kapena mphepo, ndipo m'miyezi imeneyo dzuwa la ku England silingaumitse ngakhale mpango. Iwo ankaika balere womera uja pansanja ya matailosi obowola, moto uli pansi, nthunzi n'kumatulukira pa denga losongoka. Kukazinga nakonso sikukwana, chifukwa kukazinga n'kupsereza dala, ndipo moto wotero umapha mphamvu imene chimera amachifunira. Kuwamba kuli pafupi, makamaka tikamanena za chimera chofiirira cha ku Hertfordshire chimene ankachiumitsa ndi moto wa nkhuni, koma khutu la Mchewa likamva kuwamba limadikira nsomba kapena nyama. Ine ndimalemba kuti ankachiumitsa pang'anjo, basi.

Ena amalemba chimera pamene akutanthauza yisiti. Izi n'zinthu ziwiri. Onani zimene zimachitika mumphika wa thobwa: phala likazizirako n'kuthiramo chimera, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa mbewu yomera ili ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Kuwira kumene kumabala ukali wa mowa kumabwera pambuyo, ndipo ndi ntchito ya yisiti.

Wina anganene kuti zonsezi n'kukokera nkhani. Ayese kulemba za msonkho. Boma la England linaika msonkho pa chimera mu 1697, ndipo unakhala mpaka 1880. Wokonza chimera ankayenera kudziwitsa wamsonkho asanaviike, ndipo wamsonkhoyo ankabwera ndi ndodo yake kudzayeza kuya kwa balere wonyowa. M'chaka cha 1880 nduna William Gladstone anauchotsa n'kuika msonkho pa mowa weniweniwo. Mlembi amene chimera amachitcha mowa alemba kuti Gladstone anachotsa msonkho wa mowa n'kuika msonkho wa mowa. Owerenga adzati nduna inali italedzera.

Mawu ena oterera ndi parishi. Ife tikamva parishi timaona tchalitchi, nyumba ya abambo ndi mipingo yozungulira. Ku England wakale parishi inali imeneyo, komanso inali boma laling'ono la mudzi: kuyambira ndi lamulo la 1601 ndiyo inkasonkhetsa ndalama zothandizira osauka, ndipo misewu nayo inali pamutu pake. Mawuwo tiwasunge, koma powatchula koyamba tinene kuti ndi dera lokhala ndi malire ndi akuluakulu ake. Tikapanda kutero owerenga adzadabwa kuti chimera chikufuna chiyani m'mabuku a tchalitchi. Chikhalirenicho muli chambiri. M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 akuluampingo ankasonkhetsa chimera kwa anthu, n'kufulula mowa wogulitsa pa chikondwerero, makamaka nthawi ya Pentekoste, ndalama zake n'kukonzera tchalitchi. Akhristu okhwimitsa malamulo anadana nacho chizolowezichi mpaka chinazilala m'zaka za m'ma 1600. Apa pokha ndi pamene chimera ndi mowa zili m'chiganizo chimodzi mwachilungamo, ndipo ngakhale apa mneni aliyense ali ndi chake: chimera anasonkha, mowa anafulula. Kuyambira 1813 mabuku a ubatizo anali ndi malo olembapo ntchito ya bambo wa mwana, ndipo wokonza chimera ankalembedwa ndi dzina la ntchito yake, losiyana ndi la wofulula.

Pali chodandaula chimodzi chimene ndimachimvetsa. Akuti chimera chathu ndi cha mawere, mapira kapena chimanga, ndiye kutcha cha Angerezi ndi dzina lomwelo n'kunamiza owerenga. Koma dzinali silinachokere pa mtundu wa mbewu. Lachokera pa kumera. Onjezani mawu awiri, chimera cha balere, nkhani yatha.

Nyumba zambiri zoterezi zinasiya ntchito makina atalowa. Za ku Snape, m'chigawo cha Suffolk, zinaleka mu 1965, ndipo mu 1967 imodzi inatsegulidwa ngati holo ya nyimbo, ntchito imene wopeka nyimbo Benjamin Britten anaitsogolera. Dzina lake, Snape Maltings, tilisiye momwe lilili. Pofotokoza tilembe kuti ndi holo imene kale inali nyumba yokonzeramo chimera cha balere.