Imfa za mwadzidzidzi za makanda: zomwe kafukufuku wapeza

CHITUNGWIZA – Mayi ayamwitsa khanda lake usiku n'kuligoneka lili bwinobwino, koma kukacha alipeza litazizira. Silinatenthe thupi, silinatsegule m'mimba, ndipo palibe amene analimva likulira. Madokotala amaitcha imfa yotereyi Sudden Infant Death Syndrome, mwachidule SIDS, kutanthauza imfa ya mwadzidzidzi ya mwana wosakwana chaka chimodzi yomwe chifukwa chake sichipezeka ngakhale akatswiri atapima mtembo, kuyendera malo omwe mwanayo anagona ndi kuunika mbiri ya umoyo wake.

Tanthauzo limeneli, lomwe maziko ake anaikidwa pamsonkhano wa madokotala ku Seattle, m'dziko la America, m'chaka cha 1969, lili ndi vuto lake kuno kum'mwera kwa Africa. SIDS si nthenda yomwe dokotala angaione pa mwana wamoyo. Ndi dzina lomwe limaperekedwa pokhapokha zifukwa zina zonse zafufuzidwa n'kusoweka. Kumene mitembo ya makanda sipimidwa, imfazi siziwerengedwa, ndipo zimaoneka ngati kulibe.

Chitungwiza, mzinda womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Harare, unali ndi anthu oposa 370,000 pa kalembera wa 2022. M'madera a St Mary's, Zengeza ndi Seke mabanja ambiri amachita lendi chipinda chimodzi, momwe bambo, mayi ndi ana amagona, kuphika ndi kusunga katundu. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kwambiri, ndipo khanda limafunditsidwa mabulangete angapo pakati pa makolo ake. Kagonedwe kameneka ndi komwe akatswiri a m'maiko olemera akhala akuchenjeza kwa zaka zoposa 30, koma malangizo awo analembedwera nyumba zokhala ndi kabedi kapadera ka mwana.

Ziwerengero za m'chigawo chino

Chiwerengero cha Zimbabwe chomwe chimatchulidwa kawirikawiri chinachokera ku Bulawayo. M'chaka cha 1996, madokotala awiri, Wolf ndi Ikeogu, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo wa makanda omwe anamwalira m'makomboni a mzindawo, ndipo anapeza kuti SIDS inkapha mwana mmodzi mwa ana 5,000 alionse obadwa amoyo. Chiwerengerochi n'chotsika zedi, ndipo chinagwirizana ndi maganizo omwe analipo kale akuti vutoli ndi la azungu. Komabe ndi cha mzinda umodzi, ndipo chinatengedwa panthawi yomwe Edzi, chibayo ndi kunyentchera zinkapha makanda ochuluka. Sichingakhale muyeso wa Zimbabwe yense lero.

Akatswiri ena, motsogozedwa ndi Godwin Osei-Poku wa pasukulu ya ukachenjede ya Boston, atasonkhanitsa m'chaka cha 2021 kafukufuku yense wa SIDS yemwe anachitikapo mu Africa, anapeza kuti ndi wochepa kwambiri ndipo wambiri ndi wa ku South Africa. Kumeneko ziwerengero zinali zosiyana kotheratu ndi za ku Bulawayo: ana oposa atatu mwa 1,000 alionse.

Umboni wamphamvu wa ku South Africa unachokera ku kafukufuku wotchedwa Safe Passage, yemwe pakati pa 2007 ndi 2015 anatsatira mimba pafupifupi 12,000 ku Cape Town ndi m'madera ena a kumpoto kwa America. Zotsatira zomwe zinafalitsidwa mu 2020 zinasonyeza kuti mayi akapitiriza kumwa mowa komanso kusuta fodya mimba itapitirira miyezi itatu, chiopsezo chakuti mwana wake afe ndi SIDS chimakwera pafupifupi ka 12 poyerekeza ndi mayi wosamwa ndi wosasuta, kapena yemwe anasiya msanga.

Ku Lusaka nkhaniyi inatulukira ofufuza akusaka zina. Pakati pa 2017 ndi 2020, kafukufuku wotchedwa ZPRIME, wa akatswiri a ku Zambia ndi a ku Boston, anapima makanda oposa 2,000 osakwana miyezi isanu ndi umodzi omwe mitembo yawo inafika kunyumba yachisoni ya chipatala cha University Teaching Hospital. Cholinga chinali kudziwa kuchuluka kwa ana ofa ndi chifuwa chokoka mtima komanso kachirombo ka RSV, komwe kamayambitsa matenda a m'mapapo. Koma ofufuzawo atawerenga zomwe achibale anafotokoza za ana omwe anamwalirira kunyumba, anaona kuti pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anafa mwadzidzidzi, osadwala. Nkhani zambiri zinali zofanana: mwana anagona ali bwino, m'mawa sanadzuke.

Pambuyo pake gulu lomwelo linafunsa amayi oposa 400 ku Chawama ndi ku Chilenje za kagonedwe ka ana awo. Pafupifupi amayi asanu ndi anayi mwa khumi alionse ankagona ndi khanda pabedi limodzi. Ambiri ankaligoneka cham'mbali, ena chafufumimba, ndipo ogoneka chagada sanafike ndi mmodzi yemwe mwa khumi. Chifukwa chomwe amayiwo anapereka n'chodziwika ku Blantyre, ku Chipata ndi ku Tete komwe: mwana wogona chagada akasanza angatsamwe. Nzeru imeneyi ambiri anailandira kwa amayi awo ndi agogo.

Kugona chagada

Mantha amenewa ndi omveka, ndipo madokotala a ku Ulaya ndi ku America nawonso anali nawo. Kwa zaka zambiri ankalangiza makolo kugoneka makanda chafufumimba pachifukwa chomwechi, ndipo imfa za SIDS zinachuluka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kafukufuku wa ku Netherlands, wa Peter Fleming ku Bristol ndi wa Ed Mitchell ku New Zealand anasonyeza kuti malangizowo ndiwo ankaika ana pachiswe. Dziko la Britain linayamba kampeni yogoneka ana chagada mu 1991, ndipo America anatsatira mu 1994. Ku America imfa za SIDS zinatsika kuchoka pa 130 mwa ana 100,000 alionse mu 1990 kufika pa 38 mu 2020. Panalibe mankhwala kapena katemera watsopano wa SIDS. Chinasintha kwambiri ndi kagonekedwe ka mwana.

Ana otsamwa sanachuluke, ndipo kapangidwe ka thupi kamafotokoza chifukwa chake. Mwana akagona chagada, njira ya mpweya imakhala pamwamba pa njira ya chakudya, choncho mkaka wobwerera umatsikira kummero n'kumezedwanso. Akagona chafufumimba njira ziwirizi zimatembenuka, ndipo masanzi amasonkhana pakhomo pa njira ya mpweya. Kugoneka cham'mbali, komwe amayi ambiri amakuona ngati kwapakati, kuli ndi vuto lakuti khanda limagubuduka mosavuta n'kugwa chafufumimba.

Chomwe chimachitika m'thupi

Imfa zambiri za SIDS zimachitika mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo pafupifupi 90 mwa 100 zilizonse zimachitika asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Anyamata amafa ochulukirapo kuposa atsikana. Mu 1994, James Filiano ndi Hannah Kinney anafotokoza kuti imfayi imadza zinthu zitatu zikakumana: mwana wokhala ndi chofooka chobisika, msinkhu womwe thupi likuphunzira kuwongolera kapumidwe, ndi chovuta cha kunja monga kugona chafufumimba, kutenthedwa, utsi kapena chofunda chophimba nkhope.

Chofooka chobisikacho Kinney ndi anzake a ku Boston anachifufuza patsinde pa ubongo, pomwe pamalamulira kupuma ndi kudzuka. Mu 2006 ndi 2010 anafalitsa umboni wakuti ana ambiri ofa ndi SIDS anali ndi vuto la serotonin, mchere wina womwe umatumiza uthenga m'chigawo chimenechi cha ubongo. Khanda labwinobwino mpweya ukachepa limadzidzimuka, kutembenuza mutu ndi kulira. Khanda lokhala ndi vutoli limangopitiriza tulo. Ana obadwa masiku asanakwane, obadwa ndi sikelo yotsika ndi omwe amayi awo ankasuta ali oyembekezera ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Mu 2022 nyuzipepala zambiri zinalengeza kuti gwero la SIDS lapezeka, potsatira kafukufuku wa Carmel Harrington ku Sydney wokhudza mchere wina wa m'magazi. Chisangalalocho chinapyola zomwe kafukufukuyo anasonyeza, pakuti ana omwe anapimidwa anali ochepa, ndipo sipanatuluke njira yoyezera khanda kuchipatala n'kudziwiratu kuti lili pangozi.

Mlandu umagwera mayi

Chifukwa cha imfa chikasowa, anthu amachipeza okha. M'midzi ndi m'makomboni amati mayi anamugonera mwana, ena amatchula ufiti, ndipo pakati pa Achewa pamamveka za tsempho, zoti kholo lina linalakwira mwambo. Banja limatha kupasuka pamaliro pomwepo. Makhoti a maiko olemera nawonso analakwitsapo chimodzimodzi. Ku Britain, Sally Clark anamangidwa mu 1999 pomuganizira kuti anapha ana ake awiri, dokotala wina atauza khoti kuti imfa ziwiri zotere m'banja ngati lake zingachitike kamodzi mwa 73 miliyoni. Masamuwo anali olakwika, ndipo mayiyu anamasulidwa mu 2003. Ku Australia, Kathleen Folbigg anakhala m'ndende zaka 20 mpaka 2023, pomwe asayansi anasonyeza kuti ana ake aakazi awiri anali ndi chibadwa chosowa chomwe chimatha kuimitsa mtima.

Malangizo m'chipinda chimodzi

Bungwe la madokotala a ana ku America limati khanda ligone m'chipinda cha makolo koma pamalo akeake. Kwa mayi wa ku St Mary's wokhala m'chipinda chimodzi, kapena wa ku Malawi yemwe neti yoteteza udzudzu ndi imodzi, langizoli n'lovuta kutsatira, ndipo kugona pafupi kumathandiza kuyamwitsa. Kuyamwitsa kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo kumachepetsa chiopsezo cha SIDS ndi pafupifupi theka, malinga ndi kafukufuku wa 2017 yemwe anaphatikiza ziwerengero za maiko angapo.

N'chifukwa chake akatswiri ena amalimbikira pa zomwe zimachititsa bedi limodzi kukhala loopsa kwambiri: kholo lomwe lamwa mowa kapena losuta, kugona ndi khanda pampando wa sofa, matiresi ofewa, mapilo, mabulangete olemera ofika kumutu, ndi khanda lobadwa masiku asanakwane. Zambiri mwa izi zingasinthidwe popanda ndalama. Ku New Zealand, Amaori, omwe sanafune kusiya mwambo wogona ndi ana, anayamba chapakati pa zaka za m'ma 2000 kugwiritsa ntchito wahakura, kadengu kolukidwa komwe kamaikidwa pabedi la makolo kuti khanda likhale ndi malo ake. Njira ya kangaroo, yomwe zipatala za ku Zimbabwe ndi Malawi zimaphunzitsa posamalira ana obadwa ochepa thupi, ndi nkhani ina: mwana amamangidwa pachifuwa mutu uli m'mwamba ndi nkhope yosaphimbika, motsatira malangizo a anamwino.

Kupima mitembo

Kufunika kopima mitembo kunaonekera ku Blantyre, komwe Terrie Taylor ndi anzake anafalitsa mu 2004 kuti mwa ana 31 omwe madokotala ankati afa ndi malungo a muubongo, asanu ndi awiri anali atafa ndi matenda ena. Ngati zinali choncho kwa ana ofera m'chipatala, ofera kunyumba ndiye chifukwa chimabisika kwambiri. Mabanja ambiri safuna kuti mtembo wa khanda ung'ambidwe, maliro a khanda amachitika mwamsanga, ndipo madokotala opima mitembo ndi ochepa m'chigawo chonse.

Pofuna kuchepetsa vutoli, ntchito ya CHAMPS, yomwe inakhazikitsidwa mu 2015 ndipo ili ndi malo ku Manhiça m'dziko la Mozambique ndi ku Soweto, imagwiritsa ntchito masingano potenga tizidutswa ta mapapo, chiwindi ndi ubongo popanda kung'amba thupi, makolo akavomera. Njirayi imathandiza kuzindikira chibayo, matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi omwe akanabisika. Payokha singatsimikize SIDS, chifukwa pamafunikabe kupima mtembo wonse ndiponso munthu wopita kunyumbako kukaona bedi, zofunda ndi momwe mwanayo anapezekera m'mawawo.