Mata, matula: mawu a pa chikombole cha utomoni

Utomoni uli m'gulu la uchi, ulimbo ndi ufa. U- wakutsogoloyo amakonda zinthu zosawerengeka, zongotunga kapena kutapa. Kale dzinali linali la madzi onanda otuluka pa mtengo wotemedwa, koma lero lagwiranso epoxy wa m'mabotolo awiri, amene amisiri amasakaniza n'kuthira m'chikombole popanga ndolo, zokolowekamo makiyi ngakhale matebulo. Azungu nawo anachita chimodzimodzi: resin anachokera ku resina wa Chilatini, utomoni wa mitengo monga paini.

Komabe mawu amene asenza ntchito yonseyi ndi mata ndi matula. Mchira wa -ula umabweza zimene mneni wachita: tseka, tsekula, mata, matula. Epoxy ndi katswiri pomata. Amagwira thabwa, galasi, chitsulo ndi simenti, ndipo akauma salekerera. Wothira epoxy m'chikombole cha matabwa osakuta m'kati, kukacha amapeza chikombole ndi katundu wake zasanduka chinthu chimodzi. Oumba njerwa anazidziwa kale izi, n'chifukwa chake amaviika chikombole m'madzi asanaponyemo dothi. Posankha chopangira chikombole, funso loyamba likhale lakuti: kodi chidzamatuka?

Zimene epoxy amalephera kugwira n'zowerengeka: phula, pulasitiki wa polyethylene ndi polypropylene, uja wa zigubu ndi mabeseni ambiri, komanso silicone. Opanga matebulo amangokuta matabwa awo ndi selotepi yamphamvu, basi.

Dzina la silicone lili ndi nthabwala yake. Muzu wake ndi silex, mwala wolimba woyatsira moto m'Chilatini, pamene chinthucho n'chofewa, chopindika. Analipeka ndi Frederic Kipping wa ku Nottingham mu 1901, poganiza kuti mankhwalawo anafanana kapangidwe ndi ketone. Sizinali choncho, koma dzina linakanirira. Kufewako ndiye phindu lake: chikombole chimavulika ngati sokosi, ngakhale pa chinthu cha makona ndi mapanga, ndipo chimapirira kutentha kumene epoxy amatulutsa pouma.

Silicone wa zikombole alipo wa mitundu iwiri. Woumitsidwa ndi tin ndi wotchipa, sasankha pomuthira, koma amafota pang'ono ndipo pakapita zaka amayamba kung'ambika. Wa platinum amakhalitsa ndipo sasintha muyeso, kungoti ngwa nkhanza: akakhudzana ndi dongo la sulufule kapena magolovesi a latex, pamalo pamenepo amakhala phalaphala osauma.