Momwe kanema anafikira pa foni ya msodzi ku Senga Bay

Nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, Malawi analibe wailesi ya kanema. TVM inayamba kuulutsa mu 1999, koma pofika chakacho asodzi a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka anali atawadziwa kale Rambo ndi Bruce Lee. Anawadziwira mu vidiyo sho: chisakasa cha bango, mabenchi, TV imodzi, deki ya matepi a VHS, ndi jenereta ikulira kuseri. Pakhomo pankakhala bolodi yolembedwa ndi choko mafilimu a tsikulo. Mwera ukavuta maboti n'kukhala kumtunda, kapena mwezi ukawala usipa n'kusiya kutsata nyali, m'chisakasamo munkasowa popondera.

Matepi atatha kunabwera ma VCD ndi ma DVD, kenaka memori khadi. Anyamata obena anatsegula timashopu pamsika, ali ndi kompyuta imodzi, n'kumathira mafilimu m'foni pamtengo wochepa. Ambiri anali a mtundu wa 3GP: zithunzi zosaoneka bwino, nkhope ngati zili mu utsi wowambira nsomba, koma fayilo yake yaing'ono yokwana m'kafoni ka mabatani. Chimene chinawakometsa ndi omasulira, amene ankalankhula Chichewa pamwamba pa mawu a Mtchaina kapena Mmwenye, n'kumathiramo nthabwala zawo. Luso limeneli silinapatsidwe ulemu woyenera, chonsecho ndilo linafikitsa kanema kwa amene sanaphunzire Chingerezi.

Intaneti yothamanga inadza mochedwa. YouTube inayamba mu 2005, koma zingwe za pansi pa nyanja za Seacom ndi EASSy zinafika ku Dar es Salaam ndi Maputo mu 2009 ndi 2010, ndipo Malawi, poti alibe gombe la nyanja ya mchere, anachita kulumikiza kudzera kwa anansiwo. TNM inayambitsa 4G mu 2016.

Lero wogula usipa akamadikira maboti m'bandakucha, foni ili m'manja, kanema amene akuonerayo safika wathunthu. Amadulidwa tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo kachidutswa kalikonse kamasungidwa m'misinkhu ingapo, kuyambira 144p mpaka 1080p ndi kupitirira. Foni imayeza mphamvu ya netiweki n'kusankha msinkhu woti ikwanitse. N'chifukwa chake chithunzi chimachita chimbuuzi kenaka n'kuwalanso, ndipo kamkombero kaja kamazungulira pamene tizidutswa timene foni inasungiratu tatha ena asanafike. Odziwa kusunga bandulo amatsitsa okha pa 240p.

Njira yomweyi inatulutsanso zathu kunja. Nyimbo ya Linny Hoo, imene Giddes Chalamanda anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020, inafala dziko lonse lapansi pa TikTok, gogo Chalamanda ali ndi zaka zoposa 90.

Vidiyo sho sinafe. Bandulo yoonera mpira wa mphindi 90 imadula kuposa ndalama ya pakhomo, ndiye Loweruka masana, Manchester United kapena Arsenal ikamasewera, mabenchi a ku Senga Bay amadzazabe.