Thiransifoma ya amplifaya ya mavalavu

Thiransifoma ya amplifaya ya mavalavu ndi chipangizo chimene chimasintha magetsi a m'nyumba kuti agwirizane ndi mavalavu, timababu tagalasi tokuza mawu tomwe tinkaikidwa m'mawailesi thiranzisita isanatulukiridwe mu 1947. Chipangizochi chimapangidwa ndi makoyilo a waya wa kopa okulungidwa pa zitsulo zopyapyala zosanjikizana. Oimba magitala ambiri amakondabe mamvekedwe a mavalavu, ndipo ena amadzipangira okha amplifaya yotere.

Magetsi amitundu iwiri

Valavu imafuna magetsi ochepa otenthetsa kawaya ka m'kati mwake, komanso magetsi amphamvu kwambiri okuzira mawu. Wailesi ya Saucepan Special, imene kampani ya Ever Ready inayamba kupanga mu 1949 kuti anthu azimvera wailesi ya ku Lusaka, ndipo inafikanso ku Nyasaland, inkapeza mitundu iwiriyi kuchokera ku batire lalikulu. M'amplifaya yolumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, ntchitoyi imagwiridwa ndi thiransifoma: koyilo ina imatulutsa 6.3 V, ina imatulutsa 250 V kapena kuposerapo.

Kasankhidwe

Choyamba ndi magetsi olowa. Ku Malawi, ESCOM imapereka 230 V pa 50 Hz. Thiransifoma yochokera ku America, yopangidwira 120 V pa 60 Hz, imapsa ikalumikizidwa mwachindunji. Yochokera ku South Africa kapena ku Britain imagwirizana ndi magetsi a ku Malawi.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa magetsi otenthetsera. Valavu ya EL84 imadya 0.76 A, ya ECC83 imadya 0.3 A, pamene ya EL34 imadya 1.5 A. Amplifaya ya ma EL84 awiri ndi ma ECC83 awiri imafuna 2.12 A, choncho koyilo ya 3 A ndiyo yoyenera. Thiransifoma yolemedwa kuposa mphamvu yake imatentha mpaka vanishi ya pa waya kupserera.

Chachitatu ndi magetsi amphamvu aja. Akadutsa m'madayodi ndi kapasita, amakwera pafupifupi ka 1.4, moti 250 V imafika pafupi ndi 350 V. Makapasita ayenera kukhala opirira mphamvu yoposa pamenepo.

Kumidzi

M'misika ngati Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, muli magetsi a ESCOM, koma m'midzi yambiri ya kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama anthu amadalira sola ndi mabatire. Amplifaya ya mavalavu imadya magetsi otenthetsera ngakhale pamene sikuimba, motero imatsitsa batire msanga. Mainveta otsika mtengo, amene magetsi ake sayenda mosalala, amachititsa thiransifoma kulira ndi kutentha.

Ngozi

Magetsi a m'amplifaya yotere akhoza kupha munthu, ndipo makapasita amasungabe mphamvu ngakhale chingwe chitazulidwa pakhoma. Amisiri amayamba ayeza ndi mita asanagwire m'kati. Bokosi lachitsulo limalumikizidwa ku waya wa ethi, ndipo fyuzi imaikidwa polowera magetsi. Thiransifoma ya mu mayikulowevu siyenera kugwiritsidwa ntchito, chifukwa imatulutsa pafupifupi 2,000 V.