Analima Ndani, Anadya Ndani?

Karl Marx, amene anamwalira m'chaka cha 1883, ankaphunzitsa kuti gwero la mbiri ya anthu ndi chuma: mwini munda ndani, wolima ndani, wodya zokolola ndani. Za Mulungu sankazilabadira. Komabe funso lakelo linawagwira mtima akatswiri a mbiri a ku France, pofufuza za nthawi yakale ija pamene akuluakulu ankhondo anali eni nthaka, alimi namawagwirira thangata.

Mmodzi mwa iwo, Georges Duby, sanabise kuti anatola nzeru zambiri kwa Marx. Buku lake la mu 1953 analilemba atasanthula makalata a minda ya ansembe ndi abulazala a ku Cluny. Apa ife akhristu tisayang'ane kumbali: Eklezia nayenso anali mwini minda, ndipo ankadya thukuta la alimi.

Koma Duby sanathere pa nkhani ya mimba yokha. Mu 1978 anaonetsa kuti cha m'ma 1025 aepiskopi awiri, Adalbéron wa ku Laon ndi Gérard wa ku Cambrai, ankaphunzitsa kuti Mulungu anagawa anthu patatu: opemphera, omenya nkhondo ndi olima. Kwa Duby, chimene chinkamanga mlimi silinali lupanga lokha, komanso mau otuluka pakamwa pa episkopi.