Chingwe cha 3, 4, 5

Mmisiri akamayala maziko, chimene amaopa kwambiri ndi ngodya yopotoka, chifukwa vutolo limakaonekera padenga, malata akakana kukhala bwino. Amisiri amene ndinawaonerera ndili mnyamata ankakhoma chikhomo pangodya, n'kuyeza mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, kenako n'kukoka tepi pakati pa nsonga ziwirizo. Ikafika pa 5 ndendende, wamkulu ankangoti, "Ili sikweya, kumbani." Ikapitirira, ndiye kuti ngodya yayasama, ndipo chingwe chinkasunthidwa.

Kusukulu nzeruyi timaipereka kwa Pythagoras wa pachilumba cha Samos, koma ine ndimaona kuti ulemuwo tamuunjikira wochuluka. Ku Columbia University, mumzinda wa New York, kuli phale ladongo lotchedwa Plimpton 322, lolembedwa ku Mesopotamia cha m'ma 1800 Yesu asanabadwe, zaka zoposa 1,000 Pythagoras asanaone dzuwa. Mzere wake woyamba uli ndi 119 ndi 169. Onjezanipo 120: mukachulukitsa 119 ndi 119, n'kuphatikiza 120 kuchulukitsa 120, mupeza 28,561, amene ndi 169 kuchulukitsa 169. Nambala zotere munthu sangazitole mwangozi.

Ku India nkhaniyi inali ya chipembedzo. Guwa la nsembe zamoto linkayenera kukhala ndi miyeso yolondola, choncho malangizo a Baudhayana ankaphunzitsa kulemba bwalo lake ndi chingwe ndi zikhomo. Amatchula mbali zoyenderana monga 3 ndi 4, 5 ndi 12, 8 ndi 15.

Komabe funso la mmisiri ndi lobwerera kumbuyo, ndipo apa ndi pamene pamandikoka mtima. Iye sayamba ndi ngodya yodziwika kale. Ali ndi miyeso itatu yokha, ndipo akufuna kuti miyesoyo imuuze za ngodyayo. Euclid wa ku Alexandria, cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anayankha funsoli pa mfundo 48, yotsekera buku loyamba la Elements. Anatenga chinthu cha makona atatu cha miyeso yoyenderana ngati ya mmisiriyo, n'kujambula china pambali pake, chokhala ndi ngodya ya sikweya ndi mbali ziwiri zofanana ndi za chinzake. Mbali yachitatu inatulukanso yofanana. Mbali zonse zitatu zikafanana, ngodya nazo zimafanana, choncho ngodya ya choyambacho ndi ya sikweya.